Wakuba Wotseka Mabotolo

Foni inalira Sajeni ali pakati pochapa yunifolomu, thovu lili m'zigongono. Linali Lachinayi, tsiku lake lopuma, ndipo anali atalumbira kuti ngakhale banki itabedwa ndi maziko omwe, iye sachoka pa beseni. Koma woimbayo anali mlongo wake wamng'ono, ndipo malumbiro otere sagwira ntchito pa mlongo.

"Achimwene, bwerani kusitudiyo msanga. Atibera."

"Imbira apolisi."

"Nanga inu ndinu a zaulimi? Bwerani. Abwana akuti ikakwana faifi koloko zojambulazo zisanapezeke, apereka mayi wosesa kupolisi. Mayiyu sanabe, ine ndikudziwa."

"Zojambula ziti?"

"Za gawo la khumi ndi chiwiri. Za bambo wa Mbaliwali."

Panalibe mwana m'tauniyo wosamudziwa Mbaliwali, kamtsikana ka m'katuni kamene mkono wake wamanzere umatulutsa moto, kothamangitsa zigawenga pamwamba pa madenga Loweruka lililonse pa kanema. Wolemba ndi kujambula katuniyo anali mlongo wa Sajeniyu. Magawo khumi ndi limodzi anali atangonena mwapatalipatali kuti motowo unachokera kwa bambo wa Mbaliwali, wasayansi wosasamala wotchedwa Pulofesa, amene anasiya botolo losatseka mu labotale, mwana n'kupsa. Gawo la khumi ndi chiwiri ndilo linali loti lifotokoze mbiri yonse ya Pulofesayo. Ana a Sajeni ankaliyembekezera ngati tsiku lotsekera sukulu. Koma Sajeniyo, katuni ikangoyamba, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti nsapato zikufunika polishi.

Chifukwa chake n'chakuti moto uja unali weniweni. Bambo wa Sajeni ndi mlongo wakeyo sanali pulofesa ayi. Anali wothandiza mu labotale ya sukulu ya sekondale, wotsuka mabotolo ndi kuyeza mankhwala, koma kuseri kwa nyumba anali ndi kachipinda kamalata momwe ankayesera kupanga mankhwala oyeretsera madzi. Loweruka lina masana kachipindako kanayaka, mlongoyo ali momwemo, ali ndi zaka zisanu. Mkono wake wamanzere unapsa kuyambira m'chigongono mpaka paphewa. Bambowo anauza aliyense kuti anasiya botolo la sipiriti losatseka pafupi ndi nyale. Ntchito inawathera, anzawo anawathawa, ndipo mkazi wawo anamwalira patapita zaka khumi asanawakhululukire.

Koma machesi aja anayatsa ndi Sajeni, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zaka makumi awiri ndi zisanu zinali zitadutsa asanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake wa m'nyumba. Manyazi akewo anali atazolowerana nawo ngati dzino lobooka: ankangotafunira mbali inayo.

Anatsukuluza manja, n'kuvala malaya wamba.

*

Situdiyoyo inali pamwamba pa shopu ya matayala, zipinda zitatu ndi kanjira kopapatiza, monse mukununkha utoto ndi labala. Mwini wake, amene antchito ankamutcha Nthawiyatha iye kulibe, anamuchingamira pa masitepe akuloza wotchi ya pamkono.

"A Sajeni, nkhaniyi ndi yaifupi. Mapepala makumi anayi, m'chikwatu chabuluu, m'dilowa ya pansi. Sanajambulidwe pa kompyuta chifukwa mlongo wanuyu amakana munthu kuona ntchito isanathe. Lolemba akanema akufuna gawoli. Makiyi a chipinda chojambuliramo ndi atatu: wanga, wake, ndi wa mayi wosesa. Ine ndi mlongo wanu tinali kumsonkhano kwa akanema kuyambira leveni koloko mpaka wanu. Watsala ndani? Ine sindinapite ku sukulu ya upolisi, koma kuchotsera ndimakudziwa."

"Mayi wosesa angatenge mapepala kuti akatani nawo?"

"Angagulitse! Angakulungire sopo! Ine ndidziwa bwanji? Faifi koloko, a Sajeni."

Mlongo wake anali ataima pa windo, atavala malaya a manja aatali monga mwa masiku onse, ngakhale kunali kotentha. Sajeni anamufunsa kuti m'zojambulazo munali chiyani chomwe munthu angachifune chonchi.

"Mukazipeza muziona," anayankha osatembenuka.

M'chipinda chojambuliramo munali matebulo anayi agalasi okhala ndi nyale pansi pake. Makompyuta awiri analipo, kamera inalipo, loko wa chitseko sanathyoledwe. Dilowa ya pansi inali yotsekedwa bwinobwino, yopanda kanthu. Pa tebulo la pakona panali mwamuna wautali, chala chilichonse mtundu wakewake, akulimbana ndi botolo ndi pulayala. Ameneyu ndiye ankapaka mitundu pa zojambula, ndipo onse ankangomuitana kuti Utoto.

"Akuluakulu, lembani izi poyamba," anatero Utoto asanafunsidwe n'komwe. "Ine ndinatuluka thwelofu koloko kukadya, mboni ndi anyamata a matayala pansipa, anandinyozera nsapato potuluka ndi pobwera pomwe. Koma ndikufuna mundiuze: wakuba wanji uyu? Foni yanga ndinaisiya pa chaja apa. Sanaitenge. Wangozula pulagi, moti ndaipeza ili ndi moto womwe ndinaisiya nawo. Mapulagi onse m'chipinda muno wazula!"

"China?"

"Mabotolo anga! Khumi ndi awiri, onse watseka. Ife opaka sititseka mabotolo masana, akuluakulu, dzanja limodzi limakhala ndi bulashi, ungatsegule ndi mano? Ndiye ili la sipiriti ndimaliika apa, pafupi ndi nyale, kuti ndizingofikira. Ndalipeza pansi pa sinki uko, lomangidwa ngati muli golide. Taonani, ndi pulayala yemwe likukana."

"Wosesa ndiye amakonza m'chipinda," anatero Nthawiyatha ali pakhomo. "Umboni wina mukufuna wotani?"

"Ayi bwana, mayi aja tebulo langa sakhudza. Tinayambana chaka chatha atanditayira mtundu womwe ndinasakaniza masiku atatu. Kuyambira pamenepo amasesa mozungulira, ngati pali njoka."

Sajeni anatenga botolo lija n'kuyesa kulipotokola. Silinasunthe. Pa dziko lonse lapansi ankadziwa munthu mmodzi yekha amene sangadutse botolo losatseka, kaya m'shopu, kaya m'nyumba ya eni, osaima n'kulimanga mpaka zala kuyera. Munthu amene pochoka m'chipinda amazula pulagi iliyonse, ngakhale ya wailesi.

"Bambo anabwera lero?" anafunsa.

"A Pulofesa enieni? Lachinayi lililonse amabwera, kudzationetsa kajambulidwe ka zida za mu labotale. Amati machubu athu amaoneka ngati mapaipi a kubafa." Utoto anaseka. "Koma iwowo achotseni. Ananyamuka leveni koloko, a Mawu, mnzathu woyankhula m'katunimu, anawaperekeza mpaka pokwerera basi. Nthawi imeneyo mabotolo anga anali otsegula, ndinali pompano."

Sajeni anapuma mpweya wautali. Anakondwa, ndipo atazindikira chomwe wakondwera anachita manyazi, chifukwa ngati si bambo ndiye kuti mlandu wabwerera kwa mayi wosesa.

*

Anawapeza m'kachipinda ka matsache, atakhala pa ndowa yovundikira, chikwama chili pamiyendo ngati munthu woyembekezera kuitanidwa kuchipatala. Anali mayi wa thupi lochepa, wa maso osaphethira.

"Mayi, kiyi wa chipinda chija muli naye?"

"Ndili naye. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili naye, sipanasowepo ngakhale pensulo yoduka."

"Thwelofu koloko munali kuti?"

"Pa masitepe, kukolopa. Ndimadikira atuluke kaye, apo ayi amandipondera."

"Masitepe ndi amodzi. Ndiye kuti aliyense wokwera anadutsa pa inu."

Mayiwo anayang'ana tsache.

"Mayi, abwana anu sakuchita nthabwala. Munamutsegulira munthu?"

"Bwana wapolisi, ine ndili ndi ana atatu. Kuselo sindikufunako. Koma pali anthu ena pakamwa pamakana kuwatchula. Mwana wanga wotsiriza atadzithira madzi otentha, amene anabwera kwathu masiku asanu ndi awiri otsatizana kudzandionetsa katsukidwe ka bala si abwana aja ayi. Abwana aja anandidula tsiku."

"Munthuyo anati akufuna chiyani?"

"Anati waiwala ambulera."

Sajeni anasuzumira pa kawindo. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo ngakhale wa mankhwala, ndipo mvula inali itatha miyezi itatu isanagwe.

"Ndinamutsegulira n'kubwerera ku mopu wanga," anapitiriza mayiwo. "Anakhalitsamo. Potsika ambulera sindinaione, koma jekete anali atalikumbatira chonchi pachifuwa. Anandipepesa kawiri chifukwa chondipondera. Dzina musandifunse. Inu ndi apolisi, amakulipirani kuti muziganiza." Kenaka anamuyang'ana Sajeni m'maso, nthawi yoyamba. "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndiye ine ndangokhala pano, ndione ngati muphwanye mkhate kapena muphwanye ine."

Sajeni anali atafunsapo mbava zothyola mashopu osatuluka thukuta. Apa anatuluka m'kachipindamo chafutambuyo, malaya atamatirira kumsana.

*

Chipinda chojambulira mawu chinali chaching'ono, makoma omatidwa masiponji, pakati pali maikolofoni. A Mawu, bambo wa mimba ndi ndevu zoyera amene ankayankhula m'malo mwa Pulofesa m'katunimo, anali akumwa madzi ofunda a uchi. Munthuyu ngakhale popempha supuni ankayankhula ngati akuwerenga uthenga wa maliro pa wailesi.

"Inde, ndinawaperekeza bambo anu. Ndi ulemu wanga wa Lachinayi lililonse. Munthu amene ndimadyera mawu ake sindingamusiye atsike yekha masitepe."

"Munawaona akukwera basi?"

"Ndinawaona ataima pokwerera basi."

"Sindinafunse zimenezo."

A Mawu anakhosomola. "Mwana wanga, pa msinkhu wanga njala siidikira basi. Ndinawatsanzika n'kuwoloka msewu."

"Asananyamuke anachita chiyani?"

"Anakhala pampando uwo, kumvetsera ndikuyeserera. Amakonda kutero. Nthawi zonse amangomwetulira, ngakhale Pulofesa akamatchedwa chitsiru ndi ana a dziko lonse. Koma lero mlongo wanu anandipatsa tsamba limodzi la gawo latsopanoli kuti ndiyambe kulizolowera. Mizere iwiri yokha. Nditaiwerenga, bambo anu anaimirira, chipewa chinagwa mpaka ndinawatolera ndine. Anandifunsa kuti, 'Zojambula za mawu amenewa zili kuti?' Ine n'kuwauza kuti m'dilowa ya mwana wanu, poti ndi chinsinsi chomwe aliyense muno amachidziwa."

"Mizere yake ndi yotani?"

"Simungaimve bwino ndikangoinena. Imani apo." A Mawu anaika kapu pansi, anayandikira maikolofoni, n'kutsinzina. "Apa n'kuti moto wazimitsidwa. Mbaliwali ali pansi. Pulofesa wagwada, akuyankhula ndi mchimwene wa Mbaliwali, kamnyamata kaja kongodya n'kumaseketsa ana m'magawo onse aja. Tamverani."

Mawu awo anatsika, anasanduka a munthu wotopa, wopuma movutikira.

"Usanene kanthu. Ndipatse bokosilo, pita ukasambe m'manja."

Sajeni anagwira khoma. Siponji inalowa pansi pa zala zake. Sanali mawu ofanana chabe, anali omwewo amene bambo ake anamuuza tsiku la moto lija, mwa ndondomeko yomweyo, ndi kupuma komweko pakati. Iye ankayesa kuti anawamva ndi anthu awiri okha. Anali ataiwala kuti mwana wa zaka zisanu, ngakhale akulira pansi, makutu amakhala ali otsegula.

"Mwaona?" anatero a Mawu mokondwa. "Ngakhale wapolisi wagwidwa nayo. Imeneyi ndiye ntchito."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa fili koloko.

*

Bambo ake ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa msewu wa fumbi. Chitseko chinali chosakhoma. Sajeni anawapeza atakhala pa tebulo, jekete likadali m'thupi, manja ali pa mawondo. Patsogolo pawo panali chikwatu chabuluu, ndipo pambali pake bokosi la machesi latsopano.

"Ndimadziwa kuti atuma iwe," anatero bambowo. "Khala pansi. Tiyi ndilibe, ketulo ndazula."

"Bambo."

"Ndinafuna kuziwotcha. Machesi ndagula pagolosale apo, wogulitsa mpaka kudabwa. Ndakhala pano maola awiri. Manja akana." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Kuyambira tsiku lija sindinayatsepo. Ndimayesa mwina pa chifukwa chabwino angavomere."

Sajeni anakoka chikwatucho n'kuchitsegula. Mapepala anali mu ndondomeko yake, m'mphepete mofanana, chifukwa bambowa ngakhale pakuba sangasokoneze manambala. Anaona Pulofesa ali mnyamata, akutsuka mabotolo a anthu ena. Anamuona akukhoma malata a kachipinda kake, akuyang'ana madzi akuda m'kapu ya galasi, akulemba m'kabuku ndi pensulo yomangidwa ulusi. Mlongo wake anali atajambula chilichonse, mpaka msomali wopachikapo chipewa. Pa tsamba la makumi awiri ndi asanu ndi anayi Pulofesa anali panja, akutunga madzi pa mpopi, msana ataulozetsa ku kachipinda.

Tsamba la makumi atatu linali la dzanja lokha. Dzanja laling'ono, la zikhadabo zolumidwa, inki pa chala chapakati, litagwira kamtengo ka machesi pamwamba pa chivundikiro cha botolo chodzaza sipiriti.

Sajeni anaika dzanja lake pansi pa tebulo. Zikhadabo ankalumabe mpaka pano.

"Akuti mayi wosesa ndiye waba," anatero. "Faifi koloko amupereka kupolisi."

Bambowo anadzidzimuka ngati awaponda chala. "Mayi aja? Ayi, ayi. Zimenezo sindinaziganize. Taona ukalamba." Anaimirira n'kuyamba kumanga mabatani a jekete, molakwitsa mabowo. "Tiye ukandipereke. Tulutsa kabuku kako, ulembe chonchi: nkhalamba yasokonezeka mutu, yatenga mapepala, yawataya m'ngalande, madzi atenga. Mayi aja apulumuka. Ine sangandimange, angondiletsa kukwera masitepe awo. Mlongo wako alibe nthawi yojambulanso zonsezi pofika Lolemba, abwana ake amuuza aike nkhani yakale ija, ya botolo losatseka. Aliyense agona bwino."

"Nanga inu?"

"Ine dzina langa linapsa kale, mwanawe. Chopsa sichipsanso. Iwe uli ndi ntchito ya ulemu, uli ndi ana awiri amene amakhala pansi Loweruka kuonera zimenezi. Aliyense m'tauni muno akudziwa kuti Pulofesa ndine. Akaona dzanja ili, ukuganiza kuti sadziwa kuti kamnyamatako ndani? Lemba."

Ndipo apa mpofunika kunena zoona, ngakhale zikumuchotsa ulemu Sajeni: kabukuko anakatulutsa. Anatsegula tsamba loyera, analemba tsiku, analemba nthawi. Nzeru ya bambo ake inali yabwino, yopanda bowo, yoti wapolisi aliyense angaisainire. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndevu zikumera imvi, koma mumtima anamva kupepukidwa komwe kuja anakumva ali mwana, pamene anathamangira ku mpopi n'kusiya bambo ake atagwada mu utsi.

Anakweza maso. Bambowo anali ataima, akudikira moleza mtima, batani limodzi lili m'bowo la linzake, khosi lowonda likusambira m'kolala. Bambo awa anakhala zaka khumi m'nyumba imodzi ndi mkazi wosawayankhula. Anakhala pampando magawo khumi ndi limodzi akumwetulira, mwana wawo akuwajambula ngati chitsiru, n'kumamukonzeranso machubu kuti chitsirucho chioneke bwino. Ndipo tsopano anali okonzeka kutchedwanso amisala, iye atangogwira cholembera.

Manyazi anamukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Anang'amba tsambalo n'kuliika m'thumba. Anatseka chikwatu chija n'kuchikwapatira.

"Ukupita nazo kuti?"

"Kwa mwini wake."

"Iwe! Ndakuuza kuti..."

"Ndamva, bambo. Tsiku lija ndinamvera. Bwerani ndikukonzereni mabatani, basi itisiya."

*

Anafika kusitudiyo kutatsala mphindi khumi kuti ikwane faifi koloko. Onse anali m'chipinda chojambulira: Nthawiyatha foni ili kale m'manja, mayi wosesa ataima pakhomo ndi chikwama chawo, Utoto ndi a Mawu atakhala pa tebulo limodzi ngati anthu a pa bwalo la milandu. Sajeni anaika chikwatu pa tebulo la mlongo wake.

"Mapepala makumi anayi, onse alipo. Mayi awa alibe mlandu, ndipo bwana, muwapepese pamaso pa anthu omwe munawanyozera."

"Ndine ndinatenga," anatero bambo ake msangamsanga kumbuyo kwake. "Mutu wanga masiku ano..."

"Mutu wanu ulibe vuto, bambo. Khalani pansi."

Nthawiyatha anayang'ana nkhalambayo, n'kuyang'ananso wotchi. Anang'ung'udza kanthu kena kolozera kwa mayi wosesa, komwe munthu wachifundo angakatche kupepesa.

Mlongoyo sanatsegule chikwatu. Anangoika dzanja pamwamba pake. "Mwaona?" anafunsa.

"Ndaona. Unadziwa liti?"

"Mwezi watha." Ankayankhula motsitsa. "Pa ntchito yathuyi, usanajambule kanthu umayamba wasankha pomwe kamera yaima. Ine ndinaiika pa msinkhu wa mwana wa zaka zisanu, pomwe panali maso anga. Ndinajambula dzanja la bambo likutsika kuchokera kumwamba. Silinakhale. Ndinafufuta, ndinajambulanso, kakhumi konse, pepala mpaka kubooka. Kenaka ndinangosiya pensulo iyende yokha. Dzanja lomwe linatuluka silitsika kuchokera kumwamba, achimwene. Lili pafupi ndi nkhope yanga. Litangotuluka, mawu aja anabwera okha."

"Ndiye unadziwa amene watenga. Bwanji osapita wekha kwa bambo?"

"Utoto atangodandaula za mabotolo ndinadziwa. Koma ndikanapita ine, bambo akanandiuza bodza lina, ine n'kulikhulupirira ngati loyamba lija. Ndinafuna mupite inu." Anatembenukira kwa mayi wosesa. "Mayi, ndakugwiritsani mantha tsiku lonse chifukwa cha nkhani ya kwathu. Sindikanalola akutengeni, koma sizichotsa kulakwa kwanga."

"Kwanu kuli nkhani," anatero mayiwo, n'kuika chikwama pansi.

Sajeni anayang'ana anthu onsewo. Mawu oti anene anali ochepa, koma analemera ngati thumba la simenti.

"Moto uja ndinayatsa ndine. Bambo anali panja. Ndinathira sipiriti m'chivundikiro, botolo ndinalisiya losatseka, ndinayatsa machesi. Bambo anataya ntchito chifukwa cha ine. Amayi anapita kumanda akudana ndi munthu wosalakwa, ine ndili pambali pa bedi, pakamwa ndatseka. Mkono wakowo ndine." Analoza chikwatu chija. "Gawolo lionetsedwe momwe walijambulira. Ana anga ndiwauza ndekha lisanafike Loweruka."

A Mawu, amene moyo wawo wonse sanasowepo chonena, ankayang'ana m'kapu yawo.

Bambowo ndiwo anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo la mwana wawo wamkazi, chipewa chili m'manja, ngati munthu wodzapempha ntchito.

"Mwanawe, ngati zafika apa, ndikupemphe chinthu chimodzi. Kamnyamatako usakajambule koipa. Kanali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Dzulo lake ndinali nditakaonetsa kuti sipiriti amayaka moto wabuluu, ndiye kanafuna kuti nawenso uone. Sikanafune kukupweteka. Kanafuna kukuonetsa chinthu chokongola."

Mlongoyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ankawapatsa moni wa mlendo bambo akewa, ulemu wonse uli pomwepo koma osawakhudza. Manyazi omwe anali pa nkhope yake Sajeni anawazindikira, chifukwa anali a mtundu umodzi ndi ake.

"Ndinauona, bambo," anatero. "Unali wokongoladi."

Anapinda dzanja la malaya lamanzere mpaka m'chigongono, pamaso pa anthu onse, n'kugwira bambo ake pa mkono ndi dzanja lomwelo. Nkhalambayo inayamba kulira mopanda phokoso, chipewa chikugwedezeka. Sajeni anaima pakati pa chipinda, mlandu atautsiriza nthawi isanakwane, wopanda munthu woti amumange, ndipo palibe amene anamuuza kuti akhale pansi.